Chikhulupiriro Sichilowa pa Chuma Chamasiye

Ku Britain kuli kampani yotchedwa Rank Group. Ntchito yake lero ndi juga: nyumba za kasino za Grosvenor, maholo a bingo a Mecca, ndi juga ya pa intaneti. Dzina limene kampaniyi yanyamula ndi la munthu amene sankalawa mowa, Mkhristu wa mpingo wa Methodist, mpingo womwe kuyambira kale sugwirizana ndi juga. Munthuyo anali mphunzitsi wa Sande Sukulu, ndipo analowa m'ntchito ya kanema kuti afalitse uthenga wabwino. Ndikunena a J. Arthur Rank, amene anathandiza kumanga situdiyo ya Pinewood, kumene kwajambulidwa makanema ambiri a James Bond.

Inenso ndimaphunzitsa Sande Sukulu, ndipo ndili m'komiti yoona za chitukuko pa mpingo pathu. Mbiri ya a Rank imandisowetsa mtendere chifukwa muli funso limene timalizemba tikamakambirana zomanga: kodi chinthu chimene munthu wayambitsa chifukwa cha Mulungu chimakhalabe cha Mulungu mpaka liti? Nanga chikasanduka china, mlandu ndi wa yani?

A Rank anabadwira mumzinda wa Hull mu 1888. Bambo awo, a Joseph Rank, anali mwini zigayo za tirigu, munthu wolemera kwabasi koma wopemphera kolimba, amene anathira ndalama zochuluka pa kumanga matchalitchi a Methodist. A J. Arthur anakulira m'fumbi la ufa nagwira ntchito m'kampani ya bambo awo. Za kanema anazilowa atadutsa kale zaka 40, ndipo amene anawakokera kumeneko ndi ana a Sande Sukulu ku Reigate, kumwera kwa London. Anaona chimene mphunzitsi aliyense wa ana amachidziwa: ungalankhule mpaka kukhosi kuuma, ana akungotsinana ndi kuyasamula, koma ukawaonetsa chithunzi choyenda, chipinda chonse chimangoti zii.

M'zaka za m'ma 1930 anthu a ku Britain ankakhamukira ku nyumba zoonetsera kanema sabata ndi sabata, mabenchi a m'tchalitchi akunka nachepa anthu. Atsogoleri a mipingo ankadandaula kuti makanema, makamaka a ku America, akuononga mabanja. Nyuzipepala ya Methodist Times italemba dandaulo lotero, nyuzipepala ina ya ku London, Evening News, inayankha kuti mpingowo uleke kungolira, upeze chochita. A Rank anawatenga mawuwo ngati akunena iwo. Mu 1933 anathandiza kukhazikitsa bungwe la Religious Film Society, ndipo mu 1934 analipira kanema wawo woyamba, Mastership, wa mphindi pafupifupi 20, momwe munali m'busa wotchuka wa ku Poplar, kum'mawa kwa London, a W. H. Lax. Ankamuonetsa m'matchalitchi ndi m'maholo a mipingo.

Pa chiyambi chimenechi sindingawaseke. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la sukulu usiku, jenereta ikulira kuseri kwa kalasi, chinsalu choyera atachikoloweka pa nsungwi ziwiri, kanema wa Yesu wa 1979 akuonetsedwa m'Chichewa, akudziwa mphamvu ya chinthuchi. Amayi amene amamva za mtanda Pasaka aliyense osagwetsa msozi amabuma misomali ikamakhomedwa, ndipo anyamata ena amakalipira asilikali achiroma ngati ali pomwepo. Maso amakhulupirira msanga kuposa makutu. A Rank anazindikira zimenezi, ndipo ndalama zoti achitepo kanthu anali nazo.

Koma kanema wa m'holo ya mpingo amaonedwa ndi anthu amene ali kale mu mpingo. Pofuna kufikira a kunja, a Rank anagwirizana ndi Lady Yule, mayi wamasiye wachuma, ndi katswiri wa kanema John Corfield, nayambitsa kampani ya British National Films mu 1934. Chaka chotsatira anatulutsa Turn of the Tide, nkhani ya mabanja awiri a asodzi a ku Yorkshire, achidani chakalekale, amene pomaliza amayanjana. Munalibe ulaliki wa pa guwa. Chiphunzitso chinali m'nkhani momwemo. Kanemayu anayamikiridwa, mpaka analandira mphoto ku chionetsero cha makanema cha ku Venice. Chonsecho anthu amene anamuona anali ochepa, chifukwa makampani ogawa makanema ndi eni nyumba zoonetsera anali omangika ndi malonda a ku Hollywood, ndipo sanamupatse malo abwino.

Mbiri yonse inakhotera pamenepa. Wina akanagwa ulesi n'kubwerera ku ufa wake. A Rank anaganiza mwa wamalonda: ngati eni njira akukutsekera, gula njirayo. Anaika ndalama m'kampani yogawa makanema ya General Film Distributors, imene a C. M. Woolf anayambitsa mu 1935. Nthawi yomweyo a Charles Boot, mwini kampani yomanga wa ku Sheffield, anali atagula malo aakulu a Heatherden Hall ku Iver Heath, m'chigawo cha Buckinghamshire kumadzulo kwa London, akufuna kumangapo situdiyo yonga za ku America. A Rank analowa nawo limodzi, ntchito inathamanga, ndipo pa 30 Sepitembala 1936 Pinewood inatsegulidwa. Posakhalitsa situdiyo ya Denham inagweranso m'manja mwawo, ndipo mu 1941 anatenga makampani awiri akuluakulu a nyumba zoonetsera, Odeon ndi Gaumont-British. Mphunzitsi wa Sande Sukulu uja tsopano anali ndi nyumba za kanema zoposa 600, ndipo pa ntchito imeneyi panalibe wowaposa mphamvu m'Britain monse.

Tikalondola mapazi awo limodzilimodzi, palibe pamene tingaloze chala kuti apa ndiye anapatuka. Uthenga unkafuna kanema, kanema ankafuna situdiyo, situdiyo inkafuna ogawa, ogawa ankafuna nyumba zoonetsera. Chilichonse chinagulidwa kuti chitumikire chinzake. Chovuta n'chakuti m'nyumba 600 muli mipando, ndipo mipandoyo imafuna anthu usiku uliwonse. Mu situdiyo muli akalipentala, amagetsi, osoka zovala, openta ndi ojambula, onse oyembekezera malipiro sabata ikatha. Palibe dziko limene anthu ake angadzaze nyumba 600 tsiku ndi tsiku kudzaonera maulaliki. Motero chida chimene chinagulidwa kuti chitumikire uthenga chinakhala ndi njala yakeyake, ndipo njalayo inkayamba kudyetsedwa uthenga usanakumbukiridwe.

Mwana wa mwini zigayo anayenera kuzidziwa zimenezi. Chigayo sichifunsa mafunso. M'mawa chigaya mphale ya mayi busa, masana chigaya chimera cha ofulula mowa, ndipo mwini wake akayamba kusankha makasitomala, dizilo agula ndi chiyani?

Alipo Akhristu amene anganene kuti vuto silinali kukula kwa chida koma mtundu wake, kuti kanema ndi bodza kuyambira pa chiyambi, ndiye sangabereke choonadi. Umboni wokoma ali nawo. Makanema a kampani ya Rank ankayamba ndi chizindikiro chodziwika dziko lonse: chimphona cha munthu chosavala malaya, thupi lili phuliphuli, chikukweza chibonga ndi manja awiri n'kumenya chimbale chachikulu chooneka chamkuwa, kulira kwake n'kumveka mpaka m'chifuwa mwa woonera. Chimbalecho sichinali chamkuwa. Chinali choumba ndi mapepala, n'kuchipaka utoto. A Ken Richmond, katswiri wa masewera ogwetsana amene anapata mendulo pa mpikisano wa Olympics wa 1952, ndipo anali mmodzi mwa ojambulidwa akumenya chimbalechi, anaulula okha kuti akanachimenyadi chibonga chikanatulukira kuseri. Kulira kumene anthu ankamva kunajambulidwa padera: woimba ng'oma James Blades anamenya chimbale chenicheni cha ku China, chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi chija.

Ine tchimo sindikuliona pamenepa. Mneneri Natani atapita kwa Davide sanayambe ndi kumuloza chala. Anamusimbira nkhani yopeka, ya munthu wosauka ndi kankhosa kake kamodzi, ndipo mfumu inadziweruza yokha isanazindikire. Mafanizo a Yesu nawonso si malipoti a zochitika. Nkhani yopeka imasanduka bodza ikafuna kuti tiitenge ngati chochitika kuti itibere kanthu. Woonera kanema amadziwa kuti walipira kudzaona sewero. Ndipotu kanema amene ine ndimamuona kuti akunena zoona kwambiri za moyo wachikhristu mwa onse otuluka ku Pinewood ndi wodzaza ndi zoumba ndi zopenta kuposa chimbale chija.

Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse boma linatenga situdiyoyi. Munalowa magulu a asilikali ojambula makanema a nkhondo, pamodzi ndi a inshuwalansi a Lloyd's ndi osula ndalama a Royal Mint, othawa mabomba mu London. M'zaka zimenezo ndi zotsatira zake a Rank anachita chinthu chimene olemera opemphera sachitachita: anapereka ndalama kwa akatswiri n'kuwasiya. David Lean, Michael Powell, Emeric Pressburger ndi anzawo ankasankha okha nkhani ndi osewera, mwini ndalama osalowererapo. Awa sanali aphunzitsi a Sande Sukulu. Pressburger anali Myuda wa ku Hungary, wothawa chipani cha Nazi. Mu 1947 iye ndi Powell anatulutsa Black Narcissus, kuchokera m'buku la Rumer Godden.

M'kanemayu, asisitere a mpingo wa Anglican atumidwa kukatsegula sukulu ndi kachipatala pamwamba pa mapiri a Himalaya, m'nyumba imene kale mfumu inkasungiramo akazi ake. Afika ndi mtima wabwino, mabuku ndi mankhwala. Koma mphepo ya kumeneko siileka, ndipo aliyense ayamba kukumbukira chimene ankati anachisiya tsiku la malumbiro. Sisitere wa kudimba, amene ntchito yake ndi kudzala ndiwo, apezeka wadzala maluwa. Wina, mwa chifundo chokhachokha, apereka mankhwala kwa khanda lodwalitsa. Khandalo limwalira, mudzi wonse uleka kubwera. Sisitere Ruth avula zoyera navala diresi lofiira. Usiku umenewo akhala moyang'anana ndi mkulu wawo, Sisitere Clodagh. Uyu wagwira buku lopatulika, uyo wagwira kagalasi, akudzola lipisitiki pang'onopang'ono, dala, maso ali pa mnzakeyo. Pakati pawo kandulo ikusungunuka, ndipo palibe amene akugonja. Kutacha, Ruth ayesa kukankhira Clodagh kuphompho pamene akuliza belu, koma agwa yekha. Otsalawo alongedza katundu nachoka mvula ikuyamba.

Palibe amene anapita ku India kukajambula zimenezi. Mapiri aja anapentedwa ndi Walter Percy Day ndi ana ake. Phompho la pansi pa belu ndi utoto. Deborah Kerr ndi Kathleen Byron, osewera ngati Clodagh ndi Ruth, ankalimbana pa nsanja yaifupi m'bwalo la Pinewood. Nkhalango ya m'munsi mwa phiri inali munda wa maluwa wa Leonardslee ku Sussex. Jack Cardiff analandira mphoto ya Oscar pa kajambulidwe, Alfred Junge pa zomanga za m'kanemamo. Ku America bungwe la Akatolika la Legion of Decency linamutsutsa kanemayu, mpaka mbali zina zinadulidwa.

Ndikumvetsa chimene chinawapweteka: muli asisitere olephera. Koma chimene kanemayu akunena ndi chomwe ife a mu mpingo timaopa kuchinena pa guwa, kuti mtima wabwino pawokha sukwanira, kuti munthu amapita ku utumiki atasenza zilakolako zake ndi kudzikuza kwake, kuti ukhoza kufika pa mudzi wa eni ndi mankhwala n'kusiyapo maliro. Mastership lero akukumbukiridwa ndi olemba mbiri okha, pamene Black Narcissus akuonedwabe, ndipo woonera amadzuka pa mpando akudzifunsa za mtima wake. Ngati Mulungu anazigwiritsadi ntchito ndalama za a Rank, zikuoneka kuti anatero kwambiri pomwe eni ake anachotsapo dzanja.

Ufulu umenewo sunakhalitse, ndipo chimene chinauthetsa ndi ngongole. Mu 1947 boma la Britain, posowa madola, linaika msonkho wa 75 peresenti pa ndalama zimene makanema a kunja ankapeza. A ku Hollywood anakwiya naleka kutumiza makanema. A Rank, molimbikitsidwa ndi boma, anachulukitsa makanema awo kuti nyumba zisakhale zopanda choonetsa. Mu 1948 msonkho uja unachotsedwa, makanema a ku America amene anaunjikana anasefukira nthawi imodzi, ndipo a Rank anatsala ndi katundu wosayenda malonda. Pofika 1949 kampani inali ndi ngongole ya ku banki ya mapaundi pafupifupi 16 miliyoni. Chiwongolero chinapita kwa a John Davis, munthu wa maakaunti, amene anadula chilichonse chosabweretsa phindu. Akatswiri aja anabalalika, ku Denham kunatsekedwa mu 1952. Pinewood inatsala, koma tsopano kanema aliyense ankafunsidwa funso limodzi: kodi abweza ndalama?

Kuyambira 1958 ku Pinewood kunkajambulidwa makanema a Carry On, nthabwala zokhotera kuchipinda, za amuna osuzumira akazi. Mu 1962 kunabwera Dr. No, woyamba wa James Bond, kazitape wopha mosaphethira, wakumwa, wotchova juga, wosinthasintha akazi. Bond sanali wa kampani ya Rank. Eni ake, Albert Broccoli ndi Harry Saltzman, ankangolipira malo. Pa nthawi yomweyo wailesi ya kanema inali italowa m'nyumba za anthu, mipando inayamba kutsala, ndipo kampani inasandutsa nyumba zina zoonetsera kukhala maholo ovinira ndi a bingo pa dzina la Top Rank. Phindu lalikulu linayamba kuchokera ku makina a fotokope a Rank Xerox, mgwirizano wa mu 1956. Zonsezi zinachitika a Rank ali moyo: anatula pansi udindo wa wapampando mu 1962, namwalira mu 1972. Sitinganene kuti olowa m'malo anadikira kaye maliro. Eni ake anali pomwepo, akuona, akupempherabe.

Mbiri yotsala ndi ya malo amene aphunzira kukhala ndi moyo popanda mwini. Mu 1976 anamanga chinyumba chojambuliramo chotchedwa 007 Stage, chokwanira kulowamo sitima zapansi pa madzi za mu The Spy Who Loved Me. Chinapsa mu 1984, anachimanganso; chinapsanso mu 2006, anachimanganso. Ku Pinewood komweko kunajambulidwa Superman wa 1978, Batman wa 1989, ndi masewero a pa wailesi ya kanema monga Space: 1999. Mu 1987 situdiyo inasanduka malo a lendi, aliyense kubwera ndi antchito ake. Mu 2000 kampani ya Rank inaigulitsa kwa gulu lotsogozedwa ndi Michael Grade, chaka chotsatira inaphatikizana ndi situdiyo ya Shepperton, ndipo mu 2019, Star Wars atajambulidwa kale kumeneko, kampani ya Disney inasaina lendi ya nthawi yaitali ya pafupifupi malo onse. Kampani ya Rank, imene inagula Mecca mu 1990, inagulitsa pang'onopang'ono zonse za kanema mpaka inatsala ndi juga.

Pali mayankho awiri amene amabwera mofulumira. Loyamba ndi lakuti a Rank anagulitsa chikhulupiriro chawo, anatumikira chuma n'kumadzinamiza. Sindikuvomereza. Munthu wotumikira chuma sakakamira zinthu zosabweza ndalama, koma iwo anapitiriza kulipira makanema achipembedzo moyo wawo wonse, ndipo mu 1944 anatsegula nthambi yopanga makanema a ana, motsogozedwa ndi Mary Field, chifukwa zinkawakhudza kuti ana akuonera chiyani Loweruka m'mawa. Lachiwiri ndi lakuti alibe mlandu, popeza mwini nyumba sayankha za zochita za alendi. Ilinso n'lopepuka kwambiri. Akuluakulu anati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Amene wasankha kukhala ndi nyumba 600 wasankhiratu, ngakhale asakudziwa, zonse zimene zidzafunike kuti nyumbazo zisatsekedwe. Mlandu wa munthu suthera pa cholinga chake. Umafika pa kukula kwa chida chimene wanyamula, chifukwa chida chikakula kuposa mwini wake, ndicho chimayamba kulamula.

Mlaliki, m'chaputala chachiwiri cha buku lake, akudandaula kuti zonse zimene wavutikira adzasiyira wobwera pambuyo, osadziwa ngati adzakhale wanzeru kapena chitsiru. Mbiri ya Pinewood ikuwonjezerapo chowawa china. Wobwera pambuyoyo nthawi zina sakhala mwana wako kapena mlendo. Amakhala iwe wemwe, patapita zaka khumi ndi zisanu, uli ndi kalata ya ku banki m'manja.

Chimene ndagwira pa zonsezi n'chakuti palibe nyumba, kampani kapena situdiyo imene ingakhulupirire m'malo mwa munthu. Timapatula nyumba ndi pemphero, timaika mwala wa maziko wolembedwa vesi, n'kumaganiza kuti cholinga tachitsekera m'simenti. Koma zimene zimadutsa zokha kuchoka m'badwo wina kupita wina ndi malo, luso, dzina ndi ngongole. Luso si chinthu chonyozeka: akalipentala, openta ndi amagetsi a ku Pinewood ndi ena mwa odziwa ntchito kwambiri padziko, ndipo mabanja ambirimbiri adya chifukwa cha malo amenewa kwa zaka zoposa 80. Chimene sichinadutse ndi chifukwa chimene zonsezo zinayambira. Chimenecho chimakhala mumtima wa munthu, ndipo pogawa chuma chamasiye sichipezeka pa mndandanda. M'badwo uliwonse uyenera kuchipeza pawokha, apo ayi chatha, ngakhale nyumba zikhale zopenta bwino.

Zikuoneka kuti a Rank anayamba kuzimva zimenezi adakali ndi mphamvu. Mu 1953 iwo ndi akazi awo anatenga masheya awo olamulira kampani n'kuwaika m'bungwe lachifundo, lomwe lero ndi Rank Foundation. Chifukwa china chinali choti kampani isagwere m'manja mwa Amereka, koma cholinga cholembedwa cha bungwelo chinali kulimbikitsa chikhulupiriro chachikhristu ndi kuthandiza anthu. Mu 1959 anatsegula malo ophunzitsira atsogoleri a mipingo kulankhula pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema, amene anadzakhala CTVC, kampani yaing'ono imene mpaka lero imapanga mapologalamu a zachipembedzo ndi za makhalidwe, ena oulutsidwa pa BBC. Pambali pa Pinewood ndi kanthu kakang'ono. Koma mwa zonse zimene anayambitsa pa ntchito ya kanema, ndiko kamene kakuchitabe chomwe mphunzitsi wa ku Reigate ankafuna, ndipo kakutha kutero chifukwa kalibe mipando yoti kadzaze usiku uliwonse.

Ngakhale apa, wofuna manja oyera kotheratu sapeza mpumulo, chifukwa chuma chimene chinayambitsa ntchito zachifundozo chinachokera ku malonda omwe aja. N'chifukwa chake sindiyerekeza kuwagamulira a Rank chigamulo chomaliza. Fanizo la tirigu ndi namsongole limatiletsa kuzula nthawi isanakwane, poti mizu inalukana. Koma fanizo lomwelo limanenanso kuti namsongole anafesedwa anthu ali m'tulo. Limatiletsa kuweruza, silitipatsa chilolezo chogona.

Kuno kwathu nkhani yotereyi si yachilendo. Kampani ya African Lakes inayambitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndi amalonda achikhristu, kuti ithandize amishoni ndi kugonjetsa malonda a akapolo ndi malonda achilungamo. Pasanathe zaka khumi inali pa nkhondo ku Karonga, ndipo pambuyo pake anthu anangoidziwa ngati Mandala ya masitolo ndi galimoto. Lero mipingo yathu ili ndi sukulu, zipatala, mayunivesite, mawailesi, malo ogona alendo ndi maholo a maukwati. Chilichonse chinayamba ndi pemphero ndi cholinga chabwino, ndipo chilichonse chili ndi njala yake. Wailesi imafuna otsatsa malonda. Sukulu imafuna fizi, ndipo fiziyo ikakwera, mwana wa mayi wamasiye amene sukuluyo inamangidwira amatsala kunja kwa mpanda. Holo imafuna obwereka Loweruka lililonse, ndipo komiti imaphunzira kusafunsitsa kuti phwando lake ndi lotani. Sindikuti tileke kumanga. A Rank akanakhala ndi mantha otero, bwenzi kulibe Pinewood, kulibe Black Narcissus, kulibenso thumba limene likuthandiza anthu lero. Wantchito amene anakwirira ndalama ya mbuye wake chifukwa cha mantha sanayamikiridwe.

Koma m'komiti mwathu mukabwera ganizo la chitukuko chatsopano, kufunsa ngati ndi ntchito ya Mulungu n'kutaya nthawi, chifukwa aliyense avomera, ndipo avomera ndi mtima woona, monga momwe a Rank akanavomerera mu 1936. Mafunso othandiza ndi ena. Chinthu chimenechi chidzafuna kudya chiyani mwezi ndi mwezi? Ndi chiyani chimene tidzachikaniza ngakhale chitalira njala? Ndipo tsiku limene chidzafune chokhacho chimene tinalumbira kusachipatsa, ndani adzakhale ndi mphamvu yochitseka? Mayankho ake alembedwe maziko asanakumbidwe, pamene kukana kudakali kotchipa, chifukwa malipiro a antchito ndi kalata za ku banki zikangoyamba kubwera, aliyense amapeza chifukwa chomveka chovomerera. Mpingo umene sungathe kutseka chimene unatsegula wayamba kale kuchitumikira.